A Nangozo Akalowa Okha M'katoni

Tiyamike mwana wanga,

Yamba waseka uthane nazo, chifukwa ndikudziwa kuti nkhani yakupeza kale kuchigayo. Inde, n'zoona. M'mawa uja utangochoka, amayi a kumphakati anabwera ndi mphatso zokutsazikira: mtedza, nyemba, ndi tambala wamangidwa pamtengo wa gwafayo. Akuti anaodira kangapo. Ine sindinamve, popeza ndinali nditagwada kuchipinda, mutu uli kunsi kwa bedi, ndikunyengerera ndi mawu amene sindinawatulutsepo chimwalirire mayi ako. Ndimati, “Tulukani, a Nangozo. Mwana wapita kuchigayo, tatsala awiriwiri. Tulukani mudye, palibe akuoneni.” Zenera linali lotsegula.

Nditatuluka ndinawapeza ali pamphasa, onse maso pansi ngati abwera kudzapepesa maliro. A Nabanda, amene amatsogolera mphakati wathu wa kutchalitchi, anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, “Aphunzitsi, ife sitiletsa. Zaka zapitapo, ndipo munthu sakhala yekha. Koma zinthu izi zimayambira kwa abambo mfumu, osati kunsi kwa bedi.” Ndinawauza kuti a Nangozo ndi mphaka. Anati, “Eya, aphunzitsi.” Ndinalowa kukatenga mboni yanga, mboni inakana kutuluka. Ndiye mawa iwe ukupita ku Rumphi kukayamba unamwino, ine ndikutsala muno m'Dambe ndi mbiri ya mkazi wobisidwa. Aliyense walandira mphatso yake.

Kalatayi ndikulemba chifukwa cha amalume ako a Gelevazio. Anafika dzuwa lisanafike pamutu kuti adzakutsazike, ndipo pano mthunzi wa nkhokwe wakhudza khonde iwo akadali kutsazika. Ndimafuna masana ano tikhale awiri ndikuuze zinthu pakamwa, koma ukuwadziwa amalume ako: pamene iwo akhala, mawu a munthu wina amachita kupempha malo. Ndanamizira mutu, ndalowa kuchipinda. Ndikukumvani bwinobwino pazenera. A Nangozo ali pansi panga pano. Anayamba kubisala chiyambire iwe kumanga katundu, ndipo njinga yamoto ya amalume akoyo itangolira pabwalo, anakankhira thupi lonse kukhoma.

Usayembekezere malangizo a za amuna kapena za mapemphero. Amenewo a Nabanda akupatsa kale, ndipo amalume ako akubwereza pakhondepo ndi zitsanzo za ku Chipata. Ine ndikulemba za mphaka. Lamulungu lija, pamaso pa anthu, unati, “Ababa, a Nangozo ndipita nawo.” Ine pofuna kuoneka wolimba ndinati, “Tenga, nanga mphaka ndimuphike?” Kenaka ndinaika lamulo limodzi, iwe n'kuvomera: palibe amene awanyamule kuwaika m'katoni. Akalowa okha, apita nawe. Akakana, atsala ndi ine. Katoni ija yakhala pabalaza sabata yonse, ndipo a Nangozo akungoilambalala ngati munthu wa ngongole akaona mwini golosale. Sindinganame kuti zandiwawa.

Komabe mphunzitsi salowa m'kalasi osakonzekera, ngakhale akudziwa kuti ana sabwera. Mwina alowa. Ndiye werenga izi mofatsa. Palibe chimene ndinachipeza m'buku. Zonse ndinaziphunzira pokalipiridwa ndi mayi ako.

Tsiku limene a Nangozo anafika pakhomo pano iwe unali kusukulu yogonera konko. Makoswe anali atatilanda nyumba, mayi ako n'kundituma kwa mphunzitsi mnzanga cha ku Kachebere, amene mphaka wake anali atabereka. Anthu a kumeneko anandiuza zimene aliyense amanena: mphaka amanyamulidwa m'thumba kuti asaone njira, apo ayi mawa lake umupeza wabwerera. Ndinakaika kamwanako m'thumba la feteleza, n'kumanga pakaliyala, n'kupalasa msewu wa mabampu uja ndikuimba nyimbo. Nditafika ndinaitana onse a pabwalo, ana ndi akulu omwe, ndinaima pakati ngati wamatsenga wa pamsika, n'kumasula thumba. Chimene anthu anaona ndi fumbi lokha. Kanakwera mzati wa khitchini n'kukalowa m'udzu wa denga. Ndinabwereka makwerero, ndinagwedeza nsungwi, ana akukuwa “pusi, pusi” mbali zonse. Mayi ako anatiyang'ana kanthawi, kenaka anati, “Aphunzitsi, tengani kalasi lanuli mupite nalo kwina.” Anaika madzi m'kambale, anakhala pansi atafulatira denga, n'kuyamba kusankha nyemba. Sanaitane, sanayang'ane kumwamba. Dzuwa likupendeka, kamphaka kaja kanali kumbuyo kwawo, kakununkhiza mpendero wa chitenje. Dzina mayi ako analipereka tsiku lomwelo, akuti chifukwa kamafanana ndi azakhali ako a ku Ntcheu, amene sadya munthu akuwayang'ana.

Ndiye ukakafika, mwana wanga, anthu adzabwera kudzaona namwino watsopano ndi katundu wake. Katoni usakatsegule pamaso pawo. Kalowe nayo m'chipinda chimodzi, utseke chitseko ndi zenera, uiike pakona, utsegule mbali imodzi, uchoke. Madzi uike uku, chakudya uko, beseni la mchenga kutali ndi zonse ziwiri. Akapanda kudya tsiku loyamba usachite mantha, ndipo usakhale pamenepo kuwayang'anira ngati wodwala wa muwodi. Panja asatuluke msanga. Udzadziwa kuti nyumba aivomera ukadzawapeza ali pakati pa chipinda akudzinyambita mwendo, osasamala kuti walowa.

Madzulo a tsiku la thumba lija ndinawafunsa mayi ako kuti luso limeneli analitenga kuti. Anati, “Ndinayesera pa inu.” Ndipo sananame. Ine muno ndinabwera ndi ntchito, boma litanditumiza kudzaphunzitsa, ndipo nditakwatira ndinalowa chikamwini monga mwa mwambo wa kuno. Mudzi wonse unkabwera kudzaona Mngoni wovala tayi amene mizere yake ya m'munda inkakhota ngati njoka. Aliyense anali ndi funso, aliyense anali ndi ntchito yondiyesera. Kuwonjezera apo panali kupewana ndi apongozi. Tsiku lina nditawaona akubwera m'kanjira ka kudambo, ndinalumphira m'munda wa chinangwa, osadziwa kuti iwonso alumphira momwemo. Tinakhala chogwada, wina uku wina uko, aliyense akudikira kuti mnzake adutse, mpaka mbuzi zinayamba kutidabwa. Ndinayamba kuonda. Ndinkachedwa dala kusukulu, kuchonga makope ochonga kale. Mayi ako sanandifunse kanthu. Anangotenga kampando n'kukaika kuseri kwa nyumba, pansi pa gwafa, poyang'ana mapiri a kumalire aja, n'kuuza abale awo kuti munthu akakhala pamenepo asamupatse moni. Pakampando kameneko ndi pamene ndinakhalira munthu wa kuno.

Mphaka amafuna malo awiri otere: pobisala ndi pokwera. Pobisala pakhale katoni yomweyo, ndipo akalowamo dzanja lako lisawatsatire. Pokwera, upemphe mmisiri akukhomere thabwa m'munsi mwa zenera, uyalepo kansanza. Panja pa zeneralo uzimwaza gaga pang'ono m'mawa. Mpheta zikazolowera, a Nangozo apeza ntchito ya tsiku lonse: kukhala, kuyang'ana, kugwedeza nsonga ya mchira. Iwe udzaona ngati sakuchita kanthu. Akuchita. Nawenso ukafunefune kampando kako kuseri kwa nyumba, pamene wodwala sangakupeze ndi funso la mankhwala.

Taima kaye. Amalume ako aimirira. Ndamva akuti, “Manje ndapita,” m'Chinyanja chawo chogula pamalire chija. Akusisita matumba kufuna kiyi. Iwe wati, “Muyende bwino, amalume.” Iwo ati, “Kodi ndinakuuza za namwino uja anakwatiwa ndi dalaivala wa ambulansi?” Mpando walira. Akhalanso pansi, ndipo ndikumva ukutsuka makapu a tiyi. A Nangozo anali atatulutsa ndevu, azibweza.

Nditapuma pantchito ndinalakwitsanso, ndipo pamenepa amalume ako ali ndi gawo. Ndinayamba kukhala pakhomo tsiku lonse, ndikuona mphaka akugona m'mawa, akugona masana, akudzuka kuti asinthe pogona. Mtima wa uphunzitsi unandipweteka. Kwa ife mwana wongokhala ndi mlandu wa mphunzitsi. Ndinadandaula kwa amalume ako, iwo n'kubwera kuchokera kumalire ndi khoswe wa pulasitiki woyendera mabatire, wa maso ofiira oyaka, woimba nyimbo pothamanga. Tinamuyatsa pabalaza. Khoswe anazungulira miyendo ya tebulo akulira ngati galimoto ya malonda. A Nangozo anadzera pampando, pakabati, mpaka pamwamba pa khoma, ndipo maganizo awo pankhaniyi anawalemba usiku womwewo pa jekete yanga ya ku tchalitchi. Amalume ako anati, “Alamu, pusi wanuyu ndi wamantha. Wa ku Zambia akanadya ndi mabatire omwe.” Mayi ako anangoti, “Mwabweretsa disiko m'nyumba ya sisitere.” Khoswe uja anamupereka kwa ana a kwa a Nabanda, ndipo a Nabanda sanatilankhule kwa kanthawi.

Zimene a Nangozo amakonda ndakuikira m'jumbo yakuda, pamwamba pa mapoto. Muli nthenga za nkhanga zomangidwa pachingwe cha khonje. Usazigwedeze m'mwamba, usazibweretse kumaso kwawo. Palibe mbewa imene imathamangira mphaka. Uzizikoka pansi pang'onopang'ono, zikuchoka kwa iwo, uimitse, uzibise kuseri kwa mwendo wa mpando, udikire. Kudikirako ndiye masewerawo. Akadumpha, uwalole agwire. Mphaka amene sagwira kanthu amakhala ngati mwana amene mphunzitsi samupatsa mwayi wokhoza: amasiya kukweza dzanja. Akagwira kangapo uwapatse kabonya kamodzi, basi, masewera atha. Usadikire kuti atope. Ukatero chingwe uchisunge m'kabati, chifukwa akatsala nacho okha amatafuna n'kumeza, ndipo iwe suli dotolo wa ziweto.

Mulinso thileyi ya mazira. Imeneyo si ya mazira. Popita kuntchito uziika tibonya tingapo m'mabowo ena, utaviika kaye m'madzi, n'kuphimba ndi timapepala tokwinya. Iwo azivundukula ndi dzanja kamodzikamodzi, mwakachetechete, ngati mayi wosankha tomato pamsika. Tsiku lina ubise kuseri kwa chitseko, tsiku lina pathabwa paja. Usasinthe zonse tsiku limodzi. Chitsononkho chouma amachikonda pochigubuduza, koma chikhale chimodzi. Ukawaunjikira zinthu zambiri amangokhala pakati n'kukuyang'ana ngati wawachitira mwano. M'chitini ubzalemo udzu wamba uike pafupi ndi zenera, amatafuna akafuna. Ndipo chipika chija chili pafupi ndi matilesi si nkhuni. Amalume ako anafuna kuchiponya pamoto masana ano, ndinachita kuthamangira. Pamenepo ndi pamene a Nangozo amanolera zikhadabo kuyambira ali mwana. Ukachisiya, adzanolera pa mipando imene sunagule n'komwe.

Tsopano ndikuuze za nthawi ya maliro, chifukwa zina sunazione. Nyumba itadzaza anthu, kwaya ikuimba, amayi akulira kuchipinda, a Nangozo anasowa. Palibe anazindikira, ngakhale ine. Anthu atabalalika, iwe utabwerera kusukulu ya unamwino, ndi pamene ndinaona kuti kambale kawo kadzaza nyerere. Ndinayamba kufunafuna. Ndinayenda m'minda, kudambo, kuseri kwa tchalitchi, ndikuitana dzina. Anthu ankandipatsa moni mwaulemu, ndikadutsa n'kumanong'onezana. Ukudziwa mmene kuno amamuonera munthu wamkulu woyenda akuitana mphaka, makamaka maliro atangochitika. A Nabanda anabwera kudzandiuza mwachikondi kuti ndileke, anthu angayambe kuganiza zina. Ndinaleka, osati chifukwa cha iwo, koma miyendo inatopa.

Masana ena ndinakhala pabalaza ndi buku limene ndinkawawerengera mayi ako akudwala. Tinali tisanalimalize. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinayamba kuwerenga mokweza pang'ono, ndi mawu omwe aja otsika, kuwerengera mipando. Ndili pakati pa tsamba ndinamva chinthu chofunda chikutsamira phazi langa. Sindinayang'ane pansi. Ndinapitiriza kuwerenga mpaka tsamba linatha. Anali a Nangozo, ataonda, ubweya uli ndi zinyalala za fodya. Nthawi yonseyo anali m'chigafa cha amalume ako, pafupi pomwepa, akundimva ndikuitana. Kuyambira tsiku limenelo amagona kumiyendo kwa bedi langa, pachitenje chobiriwira cha mayi ako, chimene ankafunda m'mawa popita kukhitchini.

Ndiye usawathamangitse, Tiyamike, ngakhale ndi chikondi. Padzakhala masiku amene udzabwera kuchokera kuwodi mtima uli wolemera, wodwala amene unamulimbikira atapita. Udzafuna chinthu chamoyo choti uchikumbatire. Usawanyamule. Yamba wasamba, fungo la mankhwala lichoke, ukhale pansi pamphasa, utenge buku lako lililonse, ngakhale la matenda a m'mimba, uziwerenga motsitsa mawu. Abwera okha. Akakuyang'ana, iwe utsinzine pang'onopang'ono n'kutsegulanso. Akabwezera, mwapatsana moni, ndipo moni wa mphaka suposa pamenepo. Posisita uyambire m'masaya ndi kunsi kwa chibwano; mchira ukayamba kumenya pansi, chotsa dzanja. Ukakhala pantchito ya usiku, uwasiyire juzi imene wavala tsikulo, wailesi uisiye ikulankhula chapansipansi, ya anthu ocheza, osati ya nyimbo. Nyumba yopanda mawu imalemera. Ndikunena za mphaka.

Ndinaima kulemba kanthawi, chifukwa cha zimene ndamva pazenera. Amalume ako atatha nkhani zawo anakufunsa funso loona, loyamba chifikire. Anati, “Nanga kumeneko ukudziwako ndani?” Iwe unati, “Palibe, amalume. Nyumba yake ili kuseri kwa chipatala, payokha. Chitumbuka ndimangodziwa moni. Koma ndizolowera.” Ndipo unaseka. Kuseka kumeneko ndikukudziwa, kwakufupi, kotulukira m'mphuno. Mayi ako anaseka choncho tsiku limene tinkachokera kuchipatala cha kuboma, dotolo atatiuza zimene anatiuza. Ine sabata yonseyi ndimaona mtsikana wa yunifolomu yoyera, wodziwa kubaya jakisoni, wopita kukalandira malipiro ake. Ndimati wotsala yekha ndine. Ine muno ndili ndi gwafa, ndili ndi kampando, ndili ndi a Nabanda ondiyang'anira kunsi kwa bedi. Ndili ndi manda a mayi ako poyenda pang'ono chabe. Iwe kumeneko udzakhala ndi chiyani chodziwa dzina lako?

Katoni ija ili pabalaza inali ya sopo. Ndinaisankha ndekha kugolosale, pakati pa makatoni ambirimbiri. Inunkhize ukapeza mpata. Palibe mphaka padziko lino amene angalowe m'katoni yonunkha sopo, yoikidwa pakati pa balaza pamene anthu akudutsa ndi masutikesi, mulibe ngakhale kansanza. Ine katswiri wa zonse zili pamwambazi ndimadziwa. Ndinakonza mayeso oti mwana alephere, ndipo iwe namwino wophunzira sunandigwire. Zaka zonse za uphunzitsi sindinachitepo zotere kwa mwana wa munthu. Ndayambira pa wanga.

Ndakonza. Ndakhuthula katoni yakale ya mabuku anga, yonunkha fumbi ndi nyumba ino. Ndaiboola mabowo ndi msomali m'mbali zonse. Ndaiika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pamene sipadutsa munthu. Kenaka ndachotsa chitenje chobiriwira chija pabedi, ndachipinda, ndachiyala mkati. Zimenezi zatenga nthawi kuposa kuboola mabowo. Podutsa pabalaza kukataya katoni ya sopo ija amalume ako anandiona, anati, “Mutu wapola, alamu?” Ndinati ukupola. Anati, “Mutu wa aphunzitsi umadwala mlendo akabwera.” Ndinati, “Umatengera mlendo wake.” Iwe unandiyang'ana, unayang'ana katoni. Mwina unandigwira kalekale, unangondisiya. Ngati ndi choncho, watengera mayi ako, ndipo a Nangozo adzakhala bwino.

Tsopano mayeso ndi achilungamo. Ngati alowa, za paulendo ndi izi. M'mawa usawapatse chakudya chambiri. Katoni ikhale kutsogolo, pamiyendo pako, osati kumbuyo kwa lole pamodzi ndi tambala ndi mabedi. Uiphimbe ndi nsalu yopyapyala kuti mukhale kamdima koma mpweya uzilowa. Dalaivala umupemphe atsitse nyimbo. Akafunsa chifukwa, umuuze kuti wanyamula wodwala, suli kunama. Adzalira kuyambira pano mpaka ku Kasungu, mwinanso kupitirira. Uzingowalankhula. Usatsegule, ngakhale pang'ono, ngakhale poima kugula mbatata, ngakhale alire ngati akuphedwa. Mphaka wothawa pamsewu wachilendo sabwerera kwa iwe ndipo safika kwa ine. Ndabwereza: usatsegule mpaka chitseko cha chipinda chako chitatsekeka kumbuyo kwako.

Ndiponso usandiimbire foni tsiku lililonse kundifunsa ngati ndadya. Uziimba Lamulungu madzulo, undiuze kuti a Nangozo akhala pati, mpheta zabwera kapena ayi. Ine ndizimva zotsalazo m'mawu ako, iwenso uzimva zanga.

Amalume ako aimiriranso, ndipo ulendo uno avala chipewa. Ndikawaperekeze.

Ndabwerako. Dzuwa lakhala pamwamba pa mapiri a kumalire, iwe wapita kwa a Nabanda kukabweza madengu, ndiye ndimalize msanga. Amalume ako sanalize njinga pabwalo. Anaikankha mpaka kumsewu, ine ndili pambali, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwire anayenda osalankhula. Titafika pamphambano anaima, n'kuyamba kupukuta galasi loyera kale.

Anati, “Alamu, anthu akuti mwana akapita mubwerera kwanu ku Ntcheu.”

Ndinati, “Anthu ake ati?”

“Anthu basi.”

“Nanga inu mukuti chiyani?”

Anapukutanso galasi. Anati, “Mlongo wanga anakusiyani pano. Ife sitinakusudzuleni, ndipo palibe akuganizako. Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu, ngakhale mizere yanu mpaka lero imakhota. Ndi zimene ndinabwerera m'mawa uja.”

Ndinati, “Tsiku lonse, makapu onse aja a tiyi, mawu ake omwewa?”

Anati, “Mawu ena satuluka munthu akukuyang'ana. Mawa lole ikachoka ndibwera tidzakhale.”

Ndinati, “Mubwere. Koma njinga mudzazimitsire kumsewu kuno. Mukafika mudzakhale pansi, musandiitane, musandifunse mafunso. Ndikafuna ndidzatuluka ndekha.”

Anakwera njinga, anaiponda, inalira. Ali pafupi kunyamuka anatembenuka n'kukuwa pamwamba pa phokoso kuti, “Nanga mayi wa kunsi kwa bedi uja, adzavomera?” Sanadikire yankho. Fumbi lawo ndinaliyang'ana mpaka linatha.

Pakhomo ndinapeza pali zii. Ndinalowa kuchipinda mopondaponda. Kunsi kwa bedi kunalibe kanthu. Pabedi, pamalo pamene pamakhala chitenje, panali timapazi tiwiri tolowa m'bulangeti, pamene anaima n'kununkhiza. Ndinasuzumira kuseri kwa chitseko. Ali m'katoni, adzipinda pachitenje cha mayi ako, mchira waphimba mphuno. Palibe anawanyamula. Anatsegula maso, anandiyang'ana, n'kutsinzina pang'onopang'ono. Ndinabwezera, ngakhale ine ndinachedwa kutsegula kuposa mmene mwambo umafunira.

Akhoza mayeso, apita nawe. Kalatayi ndiilowetsa m'thumba la yunifolomu yako, udzaiwerenge utafika, chitseko utatseka; za paulendo ndi za pofika ndikuuziratu pakamwa usiku uno. Chitenjecho usachichape msanga.

Ndine bambo ako,
amene kuyambira mawa kunsi kwa bedi lake kulibedi munthu.